Malipenga a ku New Orleans ndi Njira Yatsopano

Mwezi uno tifuna kukamba nanu za oimba malipenga a mkuwa a ku New Orleans, mzinda wa ku Amereka umene uli m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi. Kumeneko anthu akuda ali ndi mwambo wakale pa maliro. Popita kumanda oimba amatsagana ndi bokosi akuliza nyimbo zachisoni pang'onopang'ono. Koma pobwera ng'oma zimafulumira, ndipo anthu amavina m'misewu kuti atonthoze ofedwa.

Pofika chaka cha 1970 mwambo umenewu unali kufooka, pakuti oimba ambiri anali okalamba, ndipo anyamata anakonda nyimbo zina. M'chaka chomwecho mkulu wina woimba, dzina lake Danny Barker, anasonkhanitsa ana pa tchalitchi cha Fairview Baptist, nawaphunzitsa kuliza malipenga monga makolo ao. Ena mwa ana aja atakula anagwirizana ndi anzao, ndipo mu 1977 anayamba gulu lotchedwa Dirty Dozen Brass Band. Mwa iwo munali Gregory Davis, Roger Lewis ndi Kirk Joseph, amene ankaliza lipenga lalikulu lija lozinga thupi lonse la munthu, naliyendetsa mwaliwiro losazolowereka.

Anyamatawa sanakhutire ndi nyimbo za makolo zokha. Pa chimbale chao choyamba cha 1984 anaimbaponso nyimbo ya Thelonious Monk, katswiri wa jazi yovuta. Pa chimbale chao chimene chinatuluka mu 1989 anaitana Dizzy Gillespie kuti aimbe nao. Akulu ena anadandaula kuti liwiro lotere silikuyenera mwambo wao, ndipo ife sitiwaseka ai, pakuti munthu amene anasunga chinthu m'masiku a njala ndiye amaopa kuchiona chikusinthika.

Koma chimene tifuna kuti muchidziwe bwino ndicho chimbale chotchedwa Open Up, chimene kampani ya Columbia inatulutsa mu 1992. Apa anapita patali koposa kale. Nyimbo zambiri anazipeka okha, ndipo sizinali zongovinira pamsewu, koma zofuna kuti munthu akhale pansi amvetsere. Imodzi, yotchedwa The Lost Souls of Southern Louisiana, ndi yaitali, ya zigawo zingapo: iyamba ngati ulendo wa maliro, malipenga akubuula, nitha ndi mfuu. Taonani tsono: pamene anthu anayesa kuti anyamata athawa kwao, iwo anatenga mwambo womwe uja wa kumanda nauveka chovala chatsopano.

Nyimbo yotsiriza, Eyomzi, si ya ku Amereka. Anaipeka Johnny Dyani wa ku South Africa, amene anachoka kwao mu 1964 ndi gulu la Blue Notes chifukwa cha malamulo a tsankho, namwalira ku Berlin mu 1986 asanabwerere kukakhala kwao. Kodi si chinthu chokhudza mtima kuti zidzukulu za akapolo, oimba pa maliro, zinakweza mau a mlendo wofera kutali?

Tsono tiphunzirepo chiyani ife makolo ndi ana? Akulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mwana amene mwamuphunzitsa luso, kaya ndi la nyimbo, kaya la ukalipentala, tsiku lina adzachita zimene inu simunazione, ndipo mtima wanu udzawawa pang'ono. Musafulumire kumuletsa, yambani mwamvetsera. Malipenga a ku New Orleans akadangotsekeredwa m'manja mwa nkhalamba, bwenzi ataikidwa nazo m'manda. Koma lero magulu a anyamata monga Rebirth Brass Band, lija linayamba mu 1983, akuwalizabe m'misewu.

Nanunso anyamata, musanyade msanga. Oimba awa anatha kuyenda njira yatsopano chifukwa anayamba aphunzira yakale kufikira anaidziwa ndi mtima wonse. Wosadziwa kuliza nyimbo ya maliro bwino sangathe kuisintha; angoiwononga. Khalani kaye pa mapazi a akulu, monga anachitira ana aja kwa Danny Barker, ndipo nthawi yanu ikakwana adzakumverani.