Zimene timameza si zimene zimafika m'magazi

Otsatsa makapisozi a zitsamba amakonda kunena kuti muli mankhwala achilengedwe otchedwa ma flavonoid ambiri kuposa mu tiyi wa ku Thyolo, anyezi kapena malalanje, ndiye kuti amateteza thupi koposa. Ine ndikuona kuti akutisocheretsa. Gawo laling'ono lokha la zinthuzi ndi limene limalowa m'magazi kudzera m'matumbo aang'ono, ndipo chiwindi chimalisintha msanga kuti lituluke ndi mkodzo. Zambiri zimatsikira m'matumbo aakulu, kumene mabakiteriya amaziphwanya kukhala tizidutswa tamtundu wina, ndipo timeneti ndi timene timazungulira m'thupi kwa maola ambiri. Soya amaonetsa bwino nkhaniyi. Muli flavonoid wotchedwa daidzein, amene mabakiteriya ena amamusandutsa equol, koma si aliyense ali ndi mabakiteriyawo: ku Ulaya ndi ku America ndi munthu mmodzi mwa atatu kapena anayi, pomwe ku Japan ndi pafupifupi theka. Anthu awiri angadye phala la soya la mumphika umodzi, matupi awo n'kulandira zosiyana.

Wina afunsa kuti, nanga poyeza kulabotale zinthuzi sizinaoneke zamphamvu? Zinaonekadi, koma m'botolo loyezera mulibe chiwindi ngakhale mabakiteriya. N'chifukwa chake mu 2012 unduna wa zaulimi ku America unachotsa pa intaneti mndandanda wake wa manambala a kulabotale otchedwa ORAC, umene amalonda ankatsatsira zakudya, ponena kuti manambalawo sakusonyeza zochitika m'thupi la munthu. Wina ati ndiye zipatso ndi ndiwo zilibe ntchito. Ayi, ntchito zili nayo, chifukwa bwemba, nyemba ndi chisoso zimabwera ndi ulusi umene mabakiteriya omwewo amadya, ndipo ulusiwo mukapisozi mulibe.