Ndalama ya PTA ni yanu, funsani malisiti!

Amai na atate a pa Soweto, City Market na Mtendere, mvelani. Mu January 2022 boma ya UPND inakamba kuti maphunzilo ni aulele kufika Grade 12, ma PTA fees kwatha. Manje iyi "contribution" ya ma desk, ya mlonda, ya chimbuzi, ichokela kuti?

Mwapsa na dzuwa kugulitsa tomato, mwapeleka. Koma avomeleza kuti ndalama ituluke ni ndani? M'masukulu ena ni ba head na ba chairman chabe, anthu awili mu office. Mukaimilila kufunsa, amvekele "mai uyu ni wa ndale, khalani pansi." Meeting yake aika m'mawa pakati pa sabata, nthawi imene muli ku oda. Adziwanso kuti muopa mwana angavutitsidwe mu class, ndiye pamene adalila.

Pa chilimba chanu aliyense adziwa wapeleka na wadya mwezi uno. Sukulu ilephela bwanji?

Osapita mweka, pitani asanu, khumi. Funsani grant ya boma inabwela zingati, komiti ingatulutse zingati popanda kuitana makolo. Malisiti akhomedwe pa notice board, tonse tiwelenge.