Wodwala Impso Amwe Madzi Oyeza

Kwa zaka zambiri a zaumoyo akhala akuphunzitsa kuti munthu wotsegula m'mimba azipatsidwa zakumwa zambiri, makamaka Thanzi ORS. Chiphunzitso chimenechi n'choona ndipo chapulumutsa ana ochuluka. Koma alipo wodwala wina amene madzi ochuluka angathe kumupha. Ameneyu ndi munthu amene impso zake zaleka kugwira ntchito, thupi latupa ndipo mkodzo wachepa. Kwa wodwala wotere kapu iliyonse iyenera kuwerengedwa, ndipo udindo waukulu uli pa abale odikirira matenda.

Munthu ali ndi impso ziwiri. Tsiku lililonse zimasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180. Ambiri mwa madziwo zimawabwezera m'magazi, ndipo otsala, pafupifupi lita imodzi ndi theka, amatuluka ndi zoipa monga mkodzo. Malungo aakulu, kolera, kutaya magazi ambiri pobereka ndiponso mankhwala ena omwedwa popanda muyezo zingathe kuimitsa impso mwadzidzidzi. Zikatero madzi amasowa potulukira. Amayamba kudzaza m'miyendo ndi kumaso, pambuyo pake amalowa m'mapapo, ndipo wodwala amabanika ngati munthu womira m'nyanja ngakhale ali pabedi.

Matenda akafika poopsa chotere madokotala amagwiritsa ntchito makina osefa magazi, chithandizo chotchedwa dayalisisi. Makina oyamba othandiza odwala anawapanga Dokotala Willem Kolff wa ku Holland m'chaka cha 1943. Kuno ku Malawi makina otere amapezeka pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe ndi cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Magazi amatuluka m'thupi kudzera m'kapaipi, amasefedwa, ndipo amabwerera atachotsedwa zoipa ndi madzi owonjezera. Ntchitoyi imatenga maola pafupifupi 4.

Abale ena amadandaula akaona kuti wodwala wachoka pamakina miyendo ikadali yotupa. Amafunsa kuti, bwanji osachotsa madzi onse kamodzi? Yankho lake alidziwa aliyense amene anatungapo pachitsime cha padambo m'mwezi wa Okutobala. Wotunga mofulumira amaphwetsa chitsime, ngakhale dothi lozungulira lili lonyowa, ndipo amayenera kudikira kuti madzi adikhe ndi kudzazanso. Thupi nalonso litero. Makina amachotsa madzi a m'mitsempha mokha, m'mene muli magazi okwana malita 5 basi. Madzi otupitsa miyendo amalowa m'mitsemphamo pang'onopang'ono. Makina akakoka mofulumira, mphamvu ya magazi imatsika, wodwala amachita chizungulire, minofu imakokana, mtima umavutika, ndipo impso zimene zinayamba kuchira zimavulalanso chifukwa chosowa magazi. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika. N'chifukwa chake dokotala amachotsa madzi pang'ono lero, ena pa ulendo wotsatira.

Tsono ngati madzi amatuluka movuta chotere, si bwino kuwalowetsa mwachisawawa. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo sikelo ya namwino siinama. Kawirikawiri dokotala amalola wodwala kumwa madzi ofanana ndi mkodzo umene anakodza dzulo lake, kuwonjezapo theka la lita. M'muyezo umenewu muli zonse: tiyi, thobwa, phala lamadzimadzi, msuzi ndi madzi omwera mankhwala. Mchere nawonso uchepe m'ndiwo, popeza umadzetsa ludzu ndi kusunga madzi m'thupi.

N'zoona kuti kumana madzi mayi kapena mwana amene akulira ndi ludzu n'kowawa, ndipo pamwambo wa Amalawi kumana madzi munthu ndi nkhanza. Choncho ena amabisa botolo la thobwa kapena la mankhwala azitsamba pansi pa chitenje namwetsa wodwala usiku anamwino asakuona. Amatero chifukwa cha chikondi, koma botolo limenelo lingathe kukathera m'mapapo mwa wodwalayo kusanache. Wodikirira matenda wanzeru amanyowetsa milomo ya wodwala ndi kansalu koyera, amamupatsa madzi ochukuchira m'kamwa n'kulavula, amasunga mkodzo wonse kuti uyezedwe, ndipo amauza namwino zoona za chilichonse chimene wodwala wamwa.

Koma pasakhale wina womana wodwala madzi kumudzi pongoganizira kuti impso zafa. Mkodzo umachepanso thupi likauma, ndipo munthu wotereyo asowa madzi ambiri. Wosiyanitsa ziwirizi ndi wachipatala yekha. Munthu amene watha tsiku lathunthu osakodza, kapena wayamba kutupa nkhope ndi mapazi pambuyo pa malungo, kutsegula m'mimba kapena uchembere, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Impso zoima mwadzidzidzi nthawi zambiri zimayambanso kugwira ntchito patapita masiku kapena masabata ochepa, ngati wodwala wafika msanga ndipo abale asunga muyezo umene dokotala walamula.