Mwana akati watopa nawo moyo

Mwezi watha ndinali kwathu ku Chintheche. Madzulo ena tili pakhonde, agogo akuphika kondowole, msuweni wanga wa Fomu 2 anangoti, "Ine moyo uwu ndatopa nawo." Agogo sanatembenuke n'komwe. "Watopa ndi chiyani iwe, umalima?" Tonse tinaseka, ine ndemwe. Koma nditagona mawu aja anakana kuchoka m'mutu.

Chinandisowetsa tulo ndi kafukufuku wina amene ndinawerengapo. Mu 2009, bungwe la WHO ndi boma anafunsa ophunzira oposa 2,000 m'sukulu za m'dziko muno, ambiri a zaka 13 mpaka 15, za umoyo wawo. Aliyense ankayankha papepala osalembapo dzina. Akatswiri atasanthula mayankhowo, analemba m'magazini ya BMC Public Health mu 2016 kuti pafupifupi ana 13 pa 100 alionse anavomera kuti anayesapo kudzipha m'miyezi 12 ya m'mbuyo. Taganizirani kalasi ya ana 80, monga zilili m'sukulu zathu zambiri. Ndiye kuti khumi.

Ndipotu amenewo ndi ana omwe anapezeka m'kalasi tsiku limenelo. Mnyamata wa ku Kande kapena ku Usisya amene anasiya sukulu n'kumachezera panyanja ndi nyali kusaka usipa sanafunsidwe. Mtsikana amene anachoka ndi mimba sanafunsidwenso. Kuno kunyanja pali chinanso: makolo ambiri ali ku Joni, ana atsala ndi agogo. Foni ikalira pa WhatsApp nkhani imakhala ya fizi ndi malata, kenako bandulo yatha.

Ife akuluakulu timaopa kufunsa mwana molunjika. Timati ukatchula za kudzipha ndiye wam'patsa nzeru. Nanenso ndinkaganiza choncho. Koma mu 2014 akatswiri a ku King's College London anaunika kafukufuku wosiyanasiyana pa funso lomweli, ndipo sanapeze umboni woti kufunsa kumadzala maganizowo mwa munthu. M'malo mwake, ena amapepukidwa mtima akafunsidwa.

Kutacha ndinam'tenga kuti andiperekeze kunyanja. Ndinazungulirazungulira kaye, za mpira, za mayeso a JCE, mpaka ndinalimba mtima.

"Iwe, dzulo unati watopa. Kodi umaganizapo zodzipha?"

Anakhala chete nthawi yaitali, akukumba mchenga ndi chala cha kuphazi. Kenako anati, "Nthawi zina, achimwene."

Sindinama, miyendo inazizira. Ndinafuna kum'kalipira, kum'kumbutsa za tchimo, za mmene mayi ake akuvutikira ku Johannesburg chifukwa cha iye. Mwamwayi ndinatseka pakamwa. Anayamba kufotokoza yekha: anzake amamuseka chifukwa anabwezedwa kawiri pa nkhani ya fizi, wina anam'jambula nsapato zong'ambika n'kutumiza pagulu la kalasi, mayi ake papita miyezi itatu osalankhula naye. Kwa munthu wamkulu izi zingaoneke zazing'ono. Kwa mwana wa zaka 15 ndiye dziko lonse limenelo, ndipo kafukufuku wa m'sukulu m'maiko ambiri amapezadi kuti kuzunzidwa ndi anzako, nkhawa yosowetsa tulo ndi kusungulumwa zimayendera limodzi ndi maganizo amenewa.

Anandipempha kuti ndisauze munthu. Ndinakana. Chinsinsi chotere sichisungidwa, koma ndinam'lonjeza kuti tikawauza agogo tili limodzi, ndipo iye asankha poyambira. Agogo sanaseke ulendo uno. Tsiku lomwelo amalume anachotsa mankhwala a m'munda omwe ankangokhala pakona n'kukawatsekera kwawo. Zimenezi si zachabe: maganizo oterewa nthawi zambiri amabwera mwamphamvu kwa kanthawi kochepa, ndipo chinthu choopsa chikakhala patali, kanthawiko kamadutsa munthu ali moyo.

Lolemba tinapita naye kuchipatala kukaonana ndi adokotala. Ndinamusungiranso mufoni nambala ya 116, yaulere, imene ana amaimbako akakhala pamavuto. Vuto likakula, ku Mzuzu kuli chipatala cha St John of God chomwe ntchito yake ndi ya matenda a maganizo.

Mayi ake ndinawaimbira ndekha. Analira, kenako anafunsa ngati angatumize ndalama. Ndinati ndalamazo atumize, koma Lamlungu lililonse aziimba n'kulankhula ndi mwanayo, osati agogo okha. Mpaka pano aimba katatu.