Madigadi Opindika pa Msewu wa ku Makokola

Msewu wa M10, wochoka pa boma la Mangochi kudzera ku Makokola kukafika ku Monkey Bay, suyendamo magalimoto okha. Muli mbuzi, ng'ombe ndi akabaza osenza madengu a usipa. Motero si chachilendo kuona galimoto ya matola itaima pambali, madigadi atapindika. Mwini wake amatsala ndi funso: awongoletse kapena agule ena?

Ambiri amathamangira kugula, poyesa kuti kuwongola nkwa amphaŵi. Amalakwa. Madigadi a kutsogolo ndi chitsulo chopyapyala chomangidwa ndi mabauti, chotchinga matope ndi miyala ya tayala. Sasenza kulemera kwa galimoto. Akangopindika osang'ambika, mmisiri wodziŵa nyundo amawabwezera m'malo mwake.

Ogulawo amachokera kunja, makamaka ku Japan ndi ku South Africa, ndipo mtengo wake unakwera pamene mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Munthu wa ku Makokola kaŵirikaŵiri amatuma ku Limbe kapena ku Ndirande. Katundu akafika, nkupeza kuti anamasulidwa ku galimoto ina, mtundu wake ndi wosiyana, mwinanso mabowo a mabauti sakulingana. Penti apakabe. Masiku onsewo galimoto ili chiimire, nsomba za makasitomala zikukwera ya mnzake.

Komabe amisiri ena ndiwo aipitsa mbiri ya ntchito yawo. M'malo momenya chitsulo mpaka chiwongoke, amangodzaza dzenje ndi phala lomatira lija amalitcha fila, napaka penti pamwamba. Tsiku loyamba galimoto imanyezimira ngati mkwatibwi. Likaomba dzuŵa la Okutobala, galimoto nkugwedezeka m'tinjira ta kumadoko, phala lija limang'aluka. Mvula ikaloŵa m'ming'alu, dzimbiri limadya mkati mwakachetechete. Mwayi wake ngwakuti madzi a Nyanja ya Malaŵi alibe mchere monga a ku Beira, apo bii madigadi otereŵa sakadakhalitsa konse. Chinyengochi nchosavuta kuchigwira: maginito amakakamira pa chitsulo, koma pamene adzaza fila wambiri amagwa.

Kugula ena kumayenera pamene madigadi ang'ambika, adyeka ndi dzimbiri, kapena pamene pomangira nyale papotoka kosabwezeka. Nyale yopenya kutchire, kapena yothobwa m'maso mwa dalaivala wobwera kutsogolo, ndi imfa kwa wanjinga woyenda usiku wopanda kuŵala. Ndipo ngati chiwongolero chayamba kukokera mbali imodzi ngozi itachitika, vuto lapitirira madigadi. Lafika ku zitsulo zogwira tayala. Mmisiri woona amayamba wakweza galimoto pa jeke, naloŵa pansi, asanatchule mtengo wa penti.