MADZI A MTSINJE WA DEKA: ADZALIPIRA NDANI?

Tamverani nkhani ya mtsinje wa Deka, umene upita pafupi ndi migodi ya malasha ya ku Hwange, kuja makolo athu ankati ku Wankie, nukathira m'Zambezi. Nkhaniyi ndi yathunso. Anyamata ambiri a ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia anakhetsa thukuta m'migodi imeneyi, ndipo pa 6 June 1972, pamene mgodi wa Nambala 2 unaphulika nupha anthu 427, pakati pa akufawo panali a ku Malawi ndi a ku Zambia. Zidzukulu za amene sanabwerere kwao zikali komweko, pamodzi ndi Anambya ndi Atonga, eni nthaka.

Anthu a m'mbali mwa Deka adandaula zaka zambiri kuti nsomba zifa ndi kuyandama, kuti ziweto zidwala zikamwa, kuti miyala ya mumtsinje yafiira ngati dzimbiri. Mayankho a akuru kuli konse kumene kuli migodi tiwadziwa: kapena ndi cilala, kapena ndi mgodi wa mnzathu, kapena dikirani tiyambe tafufuza. Ife tikuti palibe cinsinsi pano. Si ufiti ai, si mkwiyo wa mizimu. Funsani miyala.

Pansi pa cigwa cimeneci miyala inayalana ngati mphasa zosanjikiza. Akatswiri aicha Karoo, ndipo malasha ace anaumbika zaka zoposa mamiliyoni 250 zapitazo, dzikolo likali dambo la zomera ndi matope. Pansi pali mwala wamcenga. Pamwamba pace mzere waukuru wa malasha, wokhuthala mamita 10 m'malo ena. Kenaka mwala wadongo, ndi wamcenga winanso. Mwala wamcenga ndi ming'alu yace ndizo zisunga madzi amene citsime cipeza. Koma m'kati mwa malasha ndi m'dongo lakuda muli timiyala tonyezimira ngati mkuwa, tochedwa pyrite, ta citsulo ndi sulfure. Timiyalati tikagona pansi osaona mpweya tilibe mlandu ndi munthu; tinagona cotero Anambya akumwa madzi abwino. Munthu akakumba nalowetsa mpweya, tiyamba kuola, ndipo madzi opita pamenepo asanduka asidi, wa mtundu uja wa m'batire la galimoto, ngakhale safika ukali wace. Asidiyo asungunula citsulo ndi zina za m'miyala, nazisenza kunka nazo kumtsinje. Dzimbiri lija ndi limenelo.

Ndipo taonani kuipa kwace. Mgodi ukali wamoyo, mapampu akoka madzi usana ndi usiku kuti anchito asamire, ndipo madzi a pansi pa nthaka atsika, zitsime zapafupi nkuyamba kuphwa. Mgodi ukasiyidwa mapampu aleka, madzi adzaza mapanga, napeza poturukira pa malo otsika, m'timitsinje tothira m'Deka. Mvula ikatha mtsinje ucepa, koma mapanga sasiya kukha; cifukwa cace m'cilimwe, pamene mai ndi ng'ombe alibe kwina kopita, ndi pamene madziwo awawitsa. Mgodi wotsekedwa ungakhe asidi zaka makumi ambiri mwini wace atafa kale. Mpweya womwewo utenthetsanso malasha otsala pansi mpaka ayaka okha. Nthaka ioneka yabwino pamwamba, kunsi kuli ng'anjo. Mu 2021 mtsikana wa zaka 8 anamwalira ku Hwange atatitimira m'moto wotere.

Tsono anadya phindu ndani? Mzungu wa ku Germany, Albert Giese, anakhoma zikhomo pa malowa mu 1895, atamva kwa anthu akuda za miyala yoyaka. Njanji inafika mu 1903. M'zaka za Citaganya, 1953 kufikira 1963, malasha a Wankie anayendetsa sitima za pamtunda nasungunula mkuwa wa ku Copperbelt, ndipo ndalama zinapita ku Salisbury, ku Johannesburg ndi ku London. Madzi owawa sanakwere sitima. Koma tisadzinamize kuti mlandu unatha ndi atsamunda. Mbendera inasintha mu 1980, okumba acuruka, ndipo mtsinje sunapume.

Atiuza kuti dziko lifuna magetsi. Inde liwafuna, sitikana. Nyumba ya magetsi ya ku Hwange, yomangidwa m'zaka za m'ma 1980, imwa madzi a m'Zambezi obwera m'paipi ya makilomita oposa 40, ndipo mu 2023 anaionjezera makina a mamegawati 600. Cotero paipi itheka, makina akamva ludzu. Nanga munthu? Kodi mwana wa m'mudzi acepa kuposa citsulo?

Mankhwala a asidi ameneyu si acilendo. Ndi njereza, yonga tipaka pa khoma. Madzi a mumgodi aimitsidwe m'madamu, athiridwe njereza, dzimbiri likhale pansi, ndipo pamenepo aloledwe kulowa mumtsinje. Cisowa ndi ndalama, ndi boma lolimba mtima lakuti: wokumba alipire. Tifuna kuti ali yense wokumba asiye ndalama m'dzanja la boma asanakumbe, zotsukira madzi mgodi ukadzatsekedwa. Tifuna kuti madzi a Deka apimidwe mwezi ndi mwezi, ndi zopezazo ziwerengedwe pabwalo la mfumu m'cilankhulo ca anthu. Tifuna mijigo yakuya ndi mipope m'midzi lero lino, osati mawa.

Inu a kwathu musati za kutali. Malasha a ku Maamba m'cigwa ca Gwembe, a ku Moatize pafupi ndi Tete, ndi a ku Mchenga m'boma la Rumphi agona m'miyala ya Karoo yomweyo. Mukaona alendo akhoma zikhomo kumtunda kwa citsime canu, pitani kwa mfumu, muumirire kuti madzi apimidwe ndi kulembedwa fosholo isanagwe pansi, ndipo kalatayo muisunge nokha. Popanda iyo, tsiku lina adzakuuzani kuti madziwo anali owawa ciyambire.