Mutu Umodzi Susenza Denga

Kale m'midzi ya Angoni ku Mzimba munthu sankazika nsichi paliponse pamene wafuna. Akuluakulu ankayamba aloza pomanga khola la ng'ombe, kenaka nyumba n'kumalizungulira. Lero udindo wolozawu uli ndi Khonsolo ya M'mbelwa, potsata lamulo la mapulani a malo la 2016. Choncho mwana wobwera ndi ndalama kuchokera ku Joni, akafuna kumanga sitolo paboma, ayambe wapereka pulani. Kutero ndiko kusunga mwambo.

Komatu khonsolo nayo isadinde chilolezo isanamve akuluakulu. Pepala silidziwa pamene pali manda kapena mkuyu wa pabwalo. Sitolo ikagwa imamangidwanso, koma manda akafafanizika, adzukulu adzaloza pati?